Pasiwedi ya mlimi wa ku Lifuwu isamagone m'foni

Achinyamata odziwa kupanga ma app ayamba kuchuluka, ngakhale kuno ku Salima. Ntchito zomwe zimawapeza n'zodziwika. Gulu la banki mkhonde likufuna polembera masheya ndi ngongole, alimi a mpunga akufuna kaundula wa matumba omwe aliyense wasiya kunkhokwe, wogula usipa ku Senga Bay akufuna kudziwa bwato lomwe lakocheza ndi mtengo wa lero. Ma app amenewa amasiyana pa zambiri, koma onse ali ndi tsamba limodzi losazembeka: bokosi la nambala ya foni, bokosi la pasiwedi, ndi kabatani kolowera. Munthu akalemba pasiwedi yake n'kudina kabataniko, mawu aja amapita kuti, ndipo amagona kuti?

Pasiwedi yeniyeniyo isagone paliponse, kaya m'foni, kaya pa seva (kompyuta ya kutali yomwe app imalankhula nayo), kaya m'kope la wopanga app. Ambiri akamva izi amadabwa, chifukwa amaganiza kuti app iyenera kusunga pasiwedi kuti izikayerekeza ndi yomwe munthu walemba mawa. Sizifunika. Njira yotsimikizira munthu popanda kusunga mawu ake achinsinsi idapezeka kalekale, mafoni a m'manja asanabwere n'komwe.

Wina anganene kuti ka app ka anthu 200 a m'mudzi akuba angakafunirenji. Vuto silili pa zomwe zili mu app yanuyo, lili pa khalidwe la tonsefe. Mayi amene mwamuuza kuti asankhe nambala yachinsinsi sapeka yatsopano ayi. Amaika yomwe ija ya ku Mpamba kapena Airtel Money, yomwenso amatsekera foni, mwinanso ndi ya khadi la kubanki. Kawirikawiri imakhala chaka chomwe adabadwa iye kapena mwana wake woyamba. Choncho amene waba kaundula wa gulu lanu, wanyamulanso nambala za foni pamodzi ndi manambala otsegulira ndalama za eni ake kwina.

Tiyambe ndi foni, chifukwa ndi komwe oyamba kumene amalakwitsa kwambiri. Munthu safuna kulemba pasiwedi nthawi iliyonse, ndiye wopanga app amaika kabokosi ka "ndikumbukire", n'kusunga pasiwediyo pamalo wamba pomwe app imasungira zinthu zake m'foni: mu SharedPreferences ngati ndi Android, mu UserDefaults ngati ndi iPhone, kapena mu AsyncStorage ngati akugwiritsa ntchito chida chopangira ma app cha React Native. Malo onsewa sabisa kanthu. SharedPreferences ndi kafayilo ka XML komwe aliyense wokafikira amawerenga ndi maso. N'zoona kuti Android imapatsa app iliyonse mpanda wake, moti app ina singalowe m'mafayilo a inzake. Koma mpandawo umagwa foni ikachitidwa root (kuthyola maloko a Android kuti munthu afikire mafayilo onse), ndipo sutchinga makope a backup, aja osungidwa kuti zinthu zikatayika zibwezeretsedwe. Kuyambira Android 6.0, mafayilo a app amakoperedwa okha ku akaunti ya Google ya mwini foni, pokhapokha wopanga app atakaniza yekha.

Ndiye ganizirani maulendo omwe foni ya kuno imayenda. Imaswera kwa wometa tsitsi ikutchajidwa chifukwa kunyumba kulibe magetsi. Sikirini ikasweka, imagona masiku awiri kwa wokonza mafoni pa Kamuzu Road, ndipo mwini wake amachita kusiya atanena nambala yotsegulira kuti mmisiriyo ayese ngati yachira. Mphwake amaibwereka akafuna kuimbira mnzake. Zinthu zikathina mu Januwale imakagona kwa wakatapila ngati chikole, kapena imagulitsidwa osafufuta chilichonse. Okonza mafoni ambiri ndi anthu okhulupirika, koma chitetezo cha ndalama za gulu lonse sichingadalire kuti manja onse omwe foni yadutsamo ndi oyera.

Kulakwitsa kotereku si kwa ophunzira okha. Mu Januwale 2014 zidadziwika kuti app ya Starbucks ya pa iPhone, yomwe anthu ambiri ku America ankalipirira khofi, inkasiya dzina, imelo ndi pasiwedi ya kasitomala poyera mu fayilo ya log, momwe app imalemba zomwe ikuchita, m'foni momwemo. Kampaniyo idachita kutulutsa app yokonzedwa.

Ena amaona kuti achenjera akasandutsa pasiwedi kukhala Base64. Kumeneko si kubisa, ndi kulemba zomwezo ndi zilembo zina, ndipo aliyense amazibwezeretsa pa sekondi imodzi. Ena amapita patsogolo, n'kuitsekera ndi AES, njira yobisira mawu yomwe imafuna kiyi, koma kiyi wotsegulirayo amamulemba mu code ya app. Iwalani zoti code yanu ndi yobisika. Fayilo ya APK, yomwe ndi app yeniyeniyo ya Android, anthu amapatsirana pa Bluetooth ndi pa WhatsApp, ndipo pulogalamu yaulere ngati jadx imaitsegula n'kuonetsa mawu onse omwe mudalembamo. Chilichonse chomwe chili mu APK muzichiwerengera ngati chalengezedwa kale.

Chomwe chiyenera kuchitika ndi ichi. Munthu amalemba pasiwedi kamodzi, app imaitumiza ku seva kudzera pa HTTPS, njira yomwe imabisa uthenga uli pa ulendo, n'kuitaya pomwepo. Seva ikakhutira kuti ndi mwini wake, imabweza tokeni, womwe ndi mndandanda wautali wa zilembo zopekedwa mwachisawawa. Foni imasunga tokeniyo, ndipo ulendo wina uliwonse imaonetsa tokeni m'malo mwa pasiwedi. Tokeni nayo ikhoza kubedwa, komatu imatsegula app imodzi yokhayo, imatha mphamvu pakapita nthawi yomwe mwaika, ndipo mwini foni akabwera kudzanena kuti foni yagwera m'nyanja kapena yabedwa m'basi, mumaifafaniza pa seva nthawi yomweyo, iye osasintha kalikonse kwina. Ma app ambiri amapereka ziwiri: ina ya mphindi zochepa yogwirira ntchito, ina yokhalitsa yopemphera yatsopano.

Za HTTPS sitichedwapo. Kuyambira iOS 9 mu 2015 ndi Android 9 mu 2018, mafoni amakaniza okha ma app kulankhula ndi seva pa HTTP wamba. Ngati mudazimitsa lamulo limeneli poyesa app pa laputopu yanu, libwezeretseni musanaipereke kwa anthu. Satifiketi yomwe seva imafuna kuti igwiritse ntchito HTTPS imapezeka mwaulere ku Let's Encrypt.

Nayo tokeni isungidwe pamalo ake. Pa iPhone malowo ndi Keychain, ndipo ndi bwino kusankha mtundu wa ThisDeviceOnly kuti isasamukire ku foni ina kudzera mu backup. Dziwaninso kuti zomwe zili mu Keychain zimatha kutsala ngakhale app itachotsedwa, choncho app ikaikidwa mwatsopano iziyamba yasesa zakale. Pa Android pali Keystore, yomwe idabwera ndi Android 4.3 mu 2013, koma apa ambiri amasokonezeka. Keystore sisunga tokeni, imasunga kiyi. App imapempha Keystore kuti ipange kiyi wa AES, zomwe zimatheka kuyambira Android 6.0, kenaka imapereka tokeni kuti itsekedwe ndi kiyiyo, ndipo zotsekedwazo ndi zomwe zimalembedwa mu fayilo. Kiyiyo satuluka. Pa mafoni ambiri amakhala m'chigawo chapadera cha purosesa chomwe ngakhale Android yeniyeniyo siwerenga, ndipo mafoni ena a Android 9 kupita m'tsogolo ali ndi kachipangizo kakekake kotchedwa StrongBox. Wokopera mafayilo a app yanu amangotenga zinyalala zosawerengeka. Opanga ma app ndi Flutter ali ndi flutter_secure_storage, a Expo ali ndi SecureStore, ndipo zonsezi zimadalira Keychain ndi Keystore yomweyo.

Tsopano ku seva, komwe kuli mutu wa nkhani. Ngati pasiwedi sisungidwa, seva imadziwa bwanji kuti walembayu ndi mwini wake? Imasunga hash. Hash ndi masamu oyenda mbali imodzi, ngati chigayo: chimanga chikalowa chimatuluka ufa, ndipo palibe mmisiri angabweze ufawo kuti ukhalenso chimanga. Tsiku lolembetsa, seva imagaya pasiwedi n'kusunga zotulukazo. Tsiku lolowa imagaya zomwe munthu walemba n'kuyerekeza ndi zosungidwa zija. Zikafanana, walemba zolondola. Mawu omwewo amatulutsa hash yomweyo nthawi zonse, koma kusintha chilembo chimodzi kumasintha hash yonse.

Zomwe zimachitika anthu akapanda kutero zidaoneka mu Disembala 2009, pomwe kampani ya RockYou idaberedwa mapasiwedi oposa 32 miliyoni osungidwa poyera. Yomwe idapezeka kwambiri inali 123456. Mndandanda umenewo ulipobe, ndipo ndi womwe akuba amayamba kuyesa mpaka lero.

Mawu akuti kuyesa ndi ofunika, chifukwa wakuba amene watenga ma hash savutika n'kuwabweza. Amangopeka mawu, n'kuwagaya yekha, n'kuona ngati zotuluka zikufanana ndi zomwe waba. Choncho funso lenileni ndi lakuti angayese kangati pa sekondi. Apa ndi pomwe mitundu ya hash ya MD5 ndi SHA-1, ngakhalenso SHA-256, zimagwera. Zidapangidwa kuti zizithamanga, ndipo khadi limodzi la GPU (kachipangizo ka zithunzi ka mu kompyuta) la osewera magemu limayesa mapasiwedi mabiliyoni pa sekondi imodzi ngati ndi MD5. Zimandidandaulitsa kuti maphunziro akale a PHP, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa seva, omwe achinyamata amawapeza pa YouTube amaonetsabe md5($password) ngati chinthu chanzeru.

LinkedIn idalawa zimenezi mu 2012, pomwe ma hash pafupifupi 6.5 miliyoni adamwazidwa pa intaneti, ndipo mu 2016 zidadziwika kuti obedwawo adaposa 100 miliyoni. Adali a SHA-1, komanso opanda salt. Salt ndi zilembo zachisawawa zomwe seva imapekera munthu aliyense payekha, n'kuziphatikiza ndi pasiwedi isanagayidwe. Si chinsinsi, imasungidwa pafupi ndi hash yomweyo. Ntchito yake ndi yakuti anthu awiri omwe asankha pasiwedi yofanana akhale ndi ma hash osiyana. Popanda salt, wakuba akagaya 123456 kamodzi amapeza onse oigwiritsa ntchito mu database (kaundula wa pa seva) yonse, komanso akhoza kugwiritsa ntchito matebulo omwe ena adawerengera kale. Pakakhala salt, ayenera kuyambiranso payekhapayekha kwa munthu aliyense. Nzeruyi si yatsopano: Robert Morris ndi Ken Thompson adaifotokoza mu 1979 polemba za mapasiwedi a Unix.

Adobe idalakwitsa mwa mtundu wina mu 2013. M'malo mwa hash idatsekera mapasiwedi ndi 3DES, njira ina yobisira mawu ndi kiyi, kiyi mmodzi kwa onse, m'njira yoti mapasiwedi ofanana ankaoneka ofanana. Pambali pake padali mawu okumbutsa omwe anthu adalemba okha, osabisika. Munthu mmodzi akalemba chokumbutsa choulula kwambiri, onse ofanana naye adaululika. Chotsekedwa ndi kiyi chimatsegukanso ndi kiyi, n'chifukwa chake pasiwedi imafuna hash, osati kutsekera.

Mankhwala a liwiro la akuba ndi hash yochedwa dala. Niels Provos ndi David Mazières adatulutsa bcrypt mu 1999, ndipo adaikamo nambala yomwe mukaikweza ndi 1, ntchito imawirikiza kawiri, kuti makompyuta akamakula mphamvu inunso muzikweza. Colin Percival adabweretsa scrypt mu 2009, yomwe imadyanso memory yambiri kuti GPU isathe kuyesa zikwizikwi nthawi imodzi. Mu 2015 hash ina yotere, Argon2, idapambana mpikisano wa Password Hashing Competition. Bungwe la OWASP, loona za chitetezo cha mapulogalamu, limalangiza kuyamba ndi Argon2id, ya memory yosachepera 19 MiB ndi maulendo awiri ogaya. Ngati ndi bcrypt nambala ija isatsike pansi pa 10, ndipo ngati ndi hash ina yochedwa dala, PBKDF2 ya SHA-256, maulendo akhale 600,000. Mlimi wolowa mu app sangazindikire kuti seva yachedwa ndi kachigawo ka sekondi, pomwe netiweki yokha imamudikiritsa kuposa pamenepo. Koma wakuba woyesa mawu mabiliyoni, kachigawo komweko kamamusandutsira maola kukhala zaka. Chenjezo limodzi kwa a bcrypt: imawerenga ma byte 72 (pafupifupi zilembo 72) oyambirira okha, zotsalazo imazinyalanyaza.

Musalembe nokha masamu amenewa. PHP ili ndi password_hash ndi password_verify kuyambira 5.5, ndipo zimapeka salt zokha. Pa zida zopangira mapulogalamu a pa seva, Laravel imagwiritsa ntchito bcrypt mukangoiyamba, Django imagwiritsa ntchito PBKDF2. Amene alibe seva yakeyake angathe kusiyira ntchito yonseyi Firebase Authentication kapena ina yofanana nayo, ndipo kwa mnyamata wogwira yekha ine ndimaona kuti kumeneko ndiye kuchenjera. Hash ipangidwire pa seva. Mukaipangira m'foni n'kutumiza zotulukazo kuti seva izingoyerekeza, hash ija ndiyo yasanduka pasiwedi, ndipo woba database alowa nayo mosavuta.

Zonsezi zimathandiza pasiwedi yomwe ili ndi kukula kwake. Koma kuno ambiri amafuna PIN ya manambala anayi, ndipo sindingawadzudzule. Agogo amene sadapite patali ndi sukulu, pa kafoni ka itel kosweka sikirini, padzuwa la ku Chipoka, mukawauza za chilembo chachikulu ndi chizindikiro cha @ ndiye kuti mwawathamangitsa. Kungoti manambala anayi ali ndi njira 10,000 zokha. Ngakhale hash iliyonse itatenga kota ya sekondi, kuyesa zonse ndi masekondi 2,500, osakwana ndi ola limodzi pa kompyuta imodzi. Manambala asanu ndi limodzi amafika 1,000,000, zomwe n'zabwinoko koma n'zothekabe. Palibe Argon2 yomwe ingapulumutse PIN database ikabedwa.

PIN imatetezedwa ndi malire a kuyesa. N'chifukwa chake makina a ATM amameza khadi munthu akalakwitsa kangapo. Seva yanu iziwerenga zolakwika, izichedwetsa, kenaka izitseka, ndipo kuwerengako kuzichitikira pa seva, chifukwa nambala yosungidwa m'foni wina akhoza kuibweza pa 0. Muziyang'ananso wina woyesa 1234 pa maakaunti onse motsatizana, poti iye salakwitsa kawiri pa akaunti imodzi. Kanizani ma PIN odziwikiratu ngati 0000, 1234 ndi chaka chobadwa cha munthuyo ngati muli nacho. Chinanso chothandiza ndi pepper, yomwe ndi kiyi wachinsinsi wophatikizidwa mu hash iliyonse koma wosungidwa kunja kwa database, kuti woba database yokha asathe n'kuyamba komwe kuyesa. PIN imangiriridwenso ku foni yomwe idalembetsedwa, kuti woidziwa ali ndi foni ina asalowe.

Chovuta kwambiri ndi malo opanda netiweki. Mlembi wa gulu akukumana ndi mamembala pansi pa mtengo komwe foni sigwira, ndipo app iyenera kutseguka kuti alembe masheya. Seva palibe, ndiye atsimikizire ndani? Njira yomwe imabwera msanga m'mutu ndi yosunga hash ya PIN m'foni, ndipo taona kale kuti wokopera fayiloyo amaiswa tsiku lomwelo. Njira yabwinoko ndi kusiyira ntchitoyi loko ya foni yeniyeniyo. Keystore imalola kupanga kiyi amene sagwira ntchito mpaka mwini foni ataika chala kapena PIN ya foni, ndipo chigawo chotetezedwa chija ndicho chimawerenga zolakwika n'kumachedwetsa woyesa. Pa Android zimadutsira mu BiometricPrompt, pa iPhone mu Touch ID kapena Face ID. App yanu siona chidindo cha chala, imangolandira chilolezo chogwiritsa ntchito kiyi. Onetsetsani kuti chala chikutseguladi kiyi wotsekera zinthuzo, osati kungobweza "inde" yemwe app yosinthidwa ikhoza kudzipatsa yokha.

Apanso moyo wa kuno umasokoneza mapulani. Mafoni ena alibe loko n'komwe, ndipo foni imodzi amagwiritsa ntchito bambo, mayi ndi ana, onse akudziwa potsegulira. Mayi amene akusunga ndalama ku banki mkhonde mwina sakufuna kuti bambo a kunyumba adziwe kuchuluka kwake. Pamenepa PIN ya app ndi yofunikabe pamwamba pa loko ya foni, bola muzidziwa malire ake: imatchinga wachibale wachidwi, sitchinga katswiri. Ndiye m'foni muzikhala zochepa zofunika pa msonkhano wa tsikulo, ndipo chilichonse chosuntha ndalama chizidikira seva.

Pasiwedi ikhoza kutayikiranso pakhomo la kuseri. Mu 2019 Facebook idavomera kuti mapasiwedi a anthu mamiliyoni mazanamazana adalembeka poyera m'makompyuta ake a m'kati, momwe antchito ake akadatha kuwawerenga, ngakhale kuti njira yake yeniyeni yosungira inali ya hash. Mu Seputembala 2024 bungwe loteteza zinsinsi za anthu ku Ireland lidalipiritsa Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, ma euro 91 miliyoni pa nkhaniyi. Kamzere kamodzi kosindikiza zonse zomwe foni yatumiza, komwe mudaika pofufuza vuto n'kukaiwala, n'kokwanira kuwononga ntchito yonse ya bcrypt.

Khomo lina ndi la woiwala. App yomwe ingathe kukutumizirani pasiwedi yanu yakale yadziulula yokha kuti imaisunga. Yolongosoka imatumiza nambala yogwira ntchito kamodzi, ya mphindi zochepa, kuti musankhe yatsopano, kenaka imafafaniza matokeni onse akale. Kuno nambalayo imadutsa pa SMS chifukwa ambiri alibe imelo, ndipo SMS ili ndi zofooka zake: SIM imasinthidwa mwachinyengo, nambala yosiyidwa nthawi yaitali imapatsidwa kwa wina, ndiponso akathyali oimba foni ngati antchito a kampani tonse tikuwadziwa. Uthengawo uzinena m'Chichewa chomveka kuti nambalayi musauze aliyense, ngakhale wa ku ofesi. Ndipo wa ku ofesiyo asakhale ndi tsamba loonera PIN ya membala.

Pa malamulo osankhira pasiwedi, bungwe la NIST la ku America lidasintha malangizo ake mu 2017. Lidati kukakamiza anthu kusintha pasiwedi pakapita miyezi ingapo iliyonse, kapena kusakaniza zizindikiro, sikuthandiza, chifukwa anthu amangowonjezera 1 kumapeto. Chothandiza ndi kutalika, ndi kukana mawu omwe adabedwapo kale. Mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana amakumbukika msanga ndipo ndi ovuta kupeka kuposa dzina la timu ya mpira lotsatana ndi chaka. Webusaiti ya Have I Been Pwned, yomwe Troy Hunt adayambitsa mu 2013, imalola seva yanu kufunsa ngati pasiwedi ili pa mndandanda wa zobedwa potumiza zilembo zisanu zoyambirira za hash yake basi. Kutsogoloku kuli ma passkey, makiyi okhala m'foni olowera popanda pasiwedi, omwe Apple, Google ndi Microsoft adagwirizana kulimbikitsa mu 2022, pomwe seva sisunganso chinsinsi chilichonse chobedwa. Pa mafoni obwerekana ndi akale a kuno atenga nthawi kuti akhazikike.

Nkhaniyi yalowanso m'malamulo a dziko lino. Kuwonjezera pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, Malawi ali ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe idapatsa MACRA udindo woyang'anira momwe mabungwe ndi makampani akusungira zokhudza anthu. Wosonkhanitsa maina, nambala za foni ndi mbiri ya ngongole za mamembala ali ndi udindo wozitchinjiriza, ngakhale ofesi yake itakhala chipinda chimodzi kuseri kwa golosale.

Nanga amene app yake ili kale m'manja mwa anthu, ndipo mu database muli MD5? Sikofunika kuitanitsa mamembala onse kuti asinthe tsiku limodzi. Tengani hash iliyonse ya MD5, muigayenso ndi bcrypt kapena Argon2id, musunge zatsopanozo, mufufute zakale, n'kuika chizindikiro chakuti akauntiyi ndi ya magawo awiri. Munthu akadzalowa, seva idzadutsitsa pasiwedi yake m'magawo onse awiri, ndipo ikalondola idzapanga hash yatsopano kuchokera ku pasiwedi yeniyeniyo n'kuchotsa chizindikiro chija. Ngati mapasiwedi ali poyera, agayeni onse lero lomwe. App yatsopano ikamafika m'mafoni, ntchito yake yoyamba ikhale kufufuta pasiwedi yomwe yakale idasiya mu SharedPreferences. Kenaka sakani makope a database akale: fayilo ya .sql yomwe ili pa flash, ina mu Downloads ya laputopu, ndi ija mudatumizira mnzanu pa WhatsApp kuti akuthandizeni vuto lina. M'makope amenewo mapasiwedi akale adakali momwe adalili, ndipo ngati ena mwa iwo simungathe kuwapeza kapena kuwafufuta, mamembala auzidwe kuti asinthe, kuphatikizapo kwina kulikonse komwe adaika nambala yomweyo.